Tigule chiyani pothokoza anamwino athu pa 12 Meyi?

Funso: Ndine mmodzi wa akomiti yoyendetsa chipatala chaching'ono cha mpingo kuno ku Nkhotakota. Tili ndi anamwino ndi azamba 14. Chaka chilichonse pa tsiku la anamwino timawagulira nsalu ndi tisheti, n'kuwaphikira mpunga ndi nkhuku. Chaka chatha tinapatsanso mmodzi envelopu monga namwino wakhama kuposa onse. M'malo mosangalala ena anayamba kung'ung'udza, ndipo awiri atsanzika kale, akuti apeza malo ku Lilongwe. Chaka chino abwenzi a chipatala atipatsa K2,000,000 yoti tithokozere anamwino. Tigule chiyani kuti aone kuti timawayamikira?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalamayo isanathere m'sitolo ya nsalu. Ine ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka zambiri m'zipatala za m'mbali mwa nyanja muno, kenaka ndinapatsidwa udindo woyang'anira anamwino anzanga. Nsalu za pa 12 Meyi ndinalandirapo, ndinagawaponso. Tsikuli ndi lathu ndithu. Dziko lonse limakumbukira anamwino pa tsiku limene Florence Nightingale anabadwa mu 1820, ndipo azamba ali ndi lawo pa 5 Meyi. Kuvala nsalu yofanana, kuimba, kudyera pamodzi, zonsezi n'zokoma ndipo musazisiye. Koma kung'ung'udza kumene mwamvako sikukuchokera pa maluwa a nsalu ayi. Nthawi zambiri namwino akalandira mphatso nkhope ili ndwii, ndiye kuti pali chake chimene chipatala chikumusungira, ndipo akuona ngati nsaluyo yabwera kudzamutseka pakamwa.

Choncho musanagule kanthu, pitani kwa amene amasunga mabuku a chipatala mukafunse. Ndalama za lokamu, za mashifiti owonjezera ogwirizira pamene pakusowa munthu, zinalipidwa mpaka mwezi uti? Ndi anamwino angati amene masiku awo a tchuthi angounjikana osapita? Nanga za penshoni zimene mumadula mwezi ndi mwezi zikufika kumene ziyenera kupita? Mukapeza zotsalira, yambirani pamenepo. Munthu amene uli naye ngongole sumuninkha mphatso, umayamba wamubwezera zake. Ngati abwenziwo anamanga ndalama yawo kuti ndi yothokozera basi, musaipatutse mwakachetechete. Auzeni zoona zake, ndipo inu akomiti mukhale pansi ndi anamwino muwauze tsiku limene ngongoleyo idzaperekedwe, n'kulisunga tsikulo.

Zina zimene akuluakulu a zipatala amaziwerenga pamsonkhano ngati zokoma zochitira anamwino, si zokoma konse, ndi lamulo. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 linaika malire a maola 48 pa sabata. Opitirira pamenepo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo munthu akaitanidwa pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma amalipidwa kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa wogwira asanu. Mayi akachira ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Ku penshoni wolemba ntchito amaika 10 peresenti, wogwira ntchito 5. Onjezerani magolovesi, maepuloni, magambuti a ku leba, ndi mankhwala a PEP amene munthu wobayidwa ndi singano ya wodwala ayenera kuyamba pasanathe maola 72. Zimenezi zisatuluke mu K2,000,000 ija ngati mphatso. Mlimi akalemba waganyu sawerengera khasu ngati chaulere chomuchitira.

Musamve ngati ndikunena kuti ndalama ilibe ntchito. Amene tinalipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira momwe anzathu ankakwerera ndege kupita ku UK, mawodi n'kutsala ndi namwino mmodzi pa odwala odzaza mpaka pansi. Boma mothandizidwa ndi DFID, nthambi ya thandizo ya boma la UK pa nthawiyo, ndi thumba la Global Fund linayambitsa ndondomeko yapadera yosunga ndi kuchulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo mu 2005 magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo anawonjezeredwa 52 peresenti pa malipiro awo. Pamodzi ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji, chiwerengero cha ogwira ntchito m'magulu amenewo chinakwera kuchoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Pa nthawi ya Covid-19 alawansi ya chiopsezo inali K1,800 pamwezi, ndipo ogwira ntchito m'zipatala atanyanyala mu Epulo 2020 inakwezedwa kufika pakati pa K20,000 ndi K60,000. Koma onani kuti zonsezi zinali za mwezi ndi mwezi, zoti munthu akhoza kuzidalira. Envelopu ya kamodzi pachaka ndi nkhani ina. K2,000,000 mukaigawa kwa anthu 14 aliyense atenga pafupifupi K143,000, ndipo ikadutsa m'mabuku ngati malipiro a MRA adulapo msonkho wa PAYE. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo sinabwerere. Ndalama imeneyo ilowa ku fizi ya mwana, ku ngongole ya banki m'khonde, ku thumba la chimanga, pofika Juni yatha. Aithokoza ndithu, koma ntchito idzakhala yowawa chimodzimodzi monga inalili mu Epulo.

Mu 2008 kunatuluka kafukufuku wa Lindsay Mangham ndi Kara Hanson amene anafunsa anamwino a m'zipatala za boma m'Malawi muno chimene chimawakoka posankha malo a ntchito. Zitatu zinaposa zonse: mwayi wopita kusukulu kukawonjezera maphunziro, nyumba, ndi malipiro a pamwezi. Nditamva zimenezi sindinadabwe, chifukwa ndi zomwe timakambirana tokha pa benchi ya kuseri kwa wodi. Malipiro mulibe nawo mphamvu yambiri, popeza m'zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, a ogwira ntchito amene ali pa mndandanda wovomerezeka amachokera ku boma. Koma nyumba, usiku wa pa wodi, ndi njira ya kusukulu zili m'manja mwanu.

Ndiyambe ndi nyumba, chifukwa ine inandiliza. Ndinakhalapo m'nyumba ya chipatala china yomwe kudenga kwake kunali mileme. Amene sanakhalemo sangamvetse fungo lake m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kunyanja likamaotcha malata. Zitosi zinkayoyoka m'ming'alu ya siling'i kugwera pa neti, m'mbale, pa yunifolomu yosita kale. Ndikaweruka naiti m'mawa ndinkayamba ndapita kumjigo ndi ndowa, kukaima pamzere pamodzi ndi amayi omwe ndinawathandiza pochira, kenaka kusesa zitosi zija, ndipo pofika 10 koloko m'nyumba munkakhala ngati mu uvuni. Tulo osabwera. Madzulo kubwerera ku wodi maso ali psuu, kukawerengera madontho a diripi ndi mutu wolemera. Chaka chimenecho tinapatsidwa matisheti, ndipo ndikuuzani zoona, mtima unandipweteka, chifukwa ndalama ya matisheti a tonsefe ikanakwanira kutseka mipata ya mileme m'nyumba ziwiri kapena zitatu. Pitani mukalowe m'nyumba za anamwino anu, osati kuima pakhomo. Onani kudenga, onani mazenera ngati ali ndi waya wotchinga udzudzu, onani loko, chimbudzi, ndi mtunda wa kumene amatunga madzi. Kuno malungo sasankha kuti uyu ndi namwino. Mmisiri wa pamalo pomwepo, simenti pang'ono, waya wa mazenera, laimu, mpopi umodzi pakati pa nyumba zinayi, kasola koyatsa mababu awiri ndi kutchajira foni: izi munthu amazimva m'thupi tsiku ndi tsiku, ndipo zimatsalira amene adzabwere pambuyo pake.

Kenaka usiku. Akomiti ambiri amachidziwa chipatala chawo masana okha, pomwe chimene chimatopetsa namwino mpaka kulemba kalata yotsanzika chimachitika pakati pa 10 koloko usiku ndi mbandakucha. Usiku wina wa dzinja magetsi anazima mayi wa mimba yoyamba ali pakati pochira, jenereta ilibe mafuta. Ndinaluma foni pakamwa kuti tochi yake iunikire, manja onse ali m'magolovesi. Mwana anabadwa bwino, koma mayi anang'ambika, ndipo ndinasoka choncho, nsagwada zikuwawa, malovu akutsikira pachibwano, gadiyani atagwirizira kandulo kumutu kwa bedi. Mzamba aliyense wa kumudzi amene mungamufunse ali ndi nkhani yofanana ndi imeneyi. Tochi ya pamphumi yotchaja, aliyense yakeyake, ndi nyale ziwiri zamphamvu za sola ku leba, sindikudziwa mphatso ina imene mzamba angaikumbukire kuposa izi.

Pa usiku pomwepo pali tiyi. Anthu amaseka ndikatchula tiyi, koma munthu amene waima maola oposa khumi ndi awiri, golosale zonse zitatsekedwa, m'mimba mulibe kanthu chichokereni nsima ya madzulo, manja amayamba kunjenjemera pofuna mtsempha wa mwana. Ketulo, fulasiki, masamba, shuga, mkaka, ndi kotafunira, kaya buledi, chinangwa kapena mbatata, zoikidwa m'kabati yokhala ndi kiyi amene amasiyirana posinthana shifiti. Shuga akuchokera ku Dwangwa m'boma lathu lomwe lino, sizoona kuti wa naiti azimwa madzi otentha okha. Koma mukayamba musadzasiye. Ikani padera ndalama ya chaka chonse, wina azigula mwezi ndi mwezi ndi kusunga malisiti. Tiyi amene amapezeka mu Meyi n'kusowa mu Ogasiti amabala mkwiyo woposa wa poyamba. Onaninso ngati pali kachipinda kokhoma komwe namwino angaike chikwama, kusintha zovala ndi kutsamira mphindi makumi awiri wodi ikakhala bata, chimbudzi chawochawo, babu panjira yochokera ku wodi kupita kunyumba, ndi mlonda amene amadziwa kuti kuperekeza namwino woitanidwa usiku ndi mbali ya ntchito yake. Ambiri mwa anamwino ndi amayi, ena ndi atsikana ongochoka kumene ku koleji, kwawo kuli kutali.

Za sukulu, K2,000,000 siingalipirire munthu digiri ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University, ndipo musalonjeze zimenezo. Chimene anamwino ambiri a dipuloma amafuna kwa inu si fizi kwenikweni, ndi kudziwa kuti nthawi yawo idzafika. Lembani ndondomeko: munthu agwire zaka zingati asanapemphe tchuthi cha sukulu, amapita angati nthawi imodzi, akabwerako agwire zaka zingati. Mndandanda wake ukhale pakhoma, aliyense aone pamene dzina lake lili. Pa ndalama muli nayoyi mukhoza kuwalipirira onse 14 chiphaso cha chaka ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chimene aliyense amachilipira kuchokera m'thumba mwake kuti apitirize kugwira ntchito. Mukhoza kukonza maphunziro a CPD, owonjezera luso munthu ali pantchito, pachipatala pomwepo, kuitana mnzawo wodziwa kuchokera ku chipatala cha boma adzawaphunzitse kutsitsimutsa khanda lobadwa losapuma kapena kuletsa kutaya magazi kwa mayi wochira, mapointi awo n'kusainidwa popanda kuwonongera thiransipoti. Mukhozanso kuthandiza wopita ku intavyu ya sukulu ndi ya basi.

Pali chinthu china chimene sichifuna tambala, koma chimagawanitsa anamwino kuposa china chilichonse: maweki shopu. Kalata ikabwera yoitana munthu mmodzi ku maphunziro a masiku asanu ku Senga Bay kapena ku Mponela, aliyense amadziwa kuti kumeneko kuli alawansi, chakudya chabwino ndi tulo tamtendere. Ngati amapita ndi anthu awiri omwewo, pomwe ena amatsala kugwira mashifiti awo, mukhoza kugula nsalu ya mtengo wapatali bwanji, simuchiza bala limenelo. Pemphani buku losonyeza amene anapita kuti, liti, m'zaka ziwiri zapitazi. Mukaliona mudzamvetsa zambiri. Kuyambira pamenepo azipita mosinthana, kupatula pamene maphunzirowo akufuna munthu wa gawo linalake, ndipo wobwerako aziphunzitsa anzake.

Tsopano envelopu ija ya namwino wakhama kuposa onse. Ndikupemphani muisiye. Cholinga chanu chinali chabwino, koma funsani kuti anasankha ndani, poona chiyani. Kawirikawiri amene amaoneka ndi wa masana, wa ku OPD, kolandirira odwala osagonekedwa, kapena ku sikelo, wodziwa kulankhula ndi alendo. Amene amagwira naiti ku leba, amene anakhala m'tenti ya kolera mu 2022 ndi 2023 akusintha madiripi ndi kutaya ndowa, akomiti sakumana naye. Ndipo mwana akapulumuka usiku, sanapulumutse ndi munthu mmodzi. Pali mzamba, pali wothandizira odwala amene anathamangira oksijeni, pali wokolopa amene anachapa zida madzulo, dalaivala wa ambulansi, mlonda amene anakadzutsa kiliniko ofesa. Mutu umodzi susenza denga. Mukapatsa mmodzi, mwauza khumi ndi atatu kuti khama lawo silinaoneke, ndipo wolandirayo naye mwamuika pamoto pakati pa anzake. Boma lathu lino linaonapo njira ina. Kuyambira 2014 pulojekiti ya SSDI, ya thandizo la USAID, inayesa kupereka mphoto malinga ndi zotsatira za ntchito m'zipatala zina za ku Nkhotakota, Chitipa ndi Mangochi, ndipo mphotoyo sinkalowa m'thumba la munthu, inkapita kukonza chipatala ndi kugula zipangizo. Ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu kunali ina yoyambira 2013 yokhudza uchembere, imene gawo lina linkagawidwa kwa ogwira ntchito. Zinali zosiyana, koma zonse ziwiri zinkayeza ntchito ya chipatala chonse, osati kuloza chala munthu mmodzi. Ngati mukufuna kutchula munthu, tchulani chimene anachita, pamaso pa anzake, ndi kalata yosainidwa yolowa m'fayilo yake. Kalata imeneyo idzamuthandiza pofunsira sukulu, ndipo siidzutsa nsanje ngati ndalama. Komanso pogawa chilichonse musadumphe othandizira odwala, okolopa ndi alonda. Namwino sadya mtima uli m'malo pamene amene amagwira naye usiku wangoima pazenera kuonerera.

Pali nthawi ziwiri zimene munthu saiwala chimene abwana ake anamuchitira: akadwala ndi akaferedwa. Chipatala cha mpingo chimalipiritsa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona namwino akuwerenga ndalama pa kauntala ya chipatala chake chomwe kuti mwana wake alandire mankhwala. Gwirizanani kuti wogwira ntchito, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana azithandizidwa mwaulere kapena pamtengo wotsika, muzilembe kuti zisadalire kukoma mtima kwa amene ali pampando. Maliro akagwa, galimoto, masiku okwanira, chipepeso chodziwika kuchuluka kwake chofanana kwa aliyense, ndi anthu awiri atatu ochokera kuchipatala okakhala nawo pasiwa. Anamwino ambiri a kuno kwawo ndi kutali, ku Mzimba, ku Thyolo, ku Ntcheu. Wina akapita yekha pa minibasi kukaika mayi ake, n'kubwerako kupeza masiku aja amudula pa tchuthi, mtima wake wachoka kale pamalopo ngakhale thupi likadalipo. Patulani kagawo ka ndalamayi kakhale poyambira thumba la zadzidzidzi.

Mwachidule ndinenepo za mphatso zochokera kwa odwala, poti kuno anthu ndi owolowa manja: nkhuku, kathumba ka mpunga, chambo ziwiri. Kukana zonse kumaoneka mwano, kulandira mwachisawawa kumasanduka msonkho, osauka n'kuyamba kuopa kubwera chimanjamanja. Lamulo losavuta ndi ili: ndalama ayi, chilichonse thandizo lisanaperekedwe ayi, ndipo chakudya chobwera munthu atatuluka chilembedwe m'buku n'kudyedwa ndi wodi yonse.

Ndikanakhala pampando wanu, pafupifupi theka la K2,000,000 ndikanaika ku nyumba, kuyambira yoipitsitsa. Gawo lotsatira ku matochi, nyale ndi tiyi wa naiti wa chaka chonse. Kenaka ziphaso za ku khonsolo ndi thumba la zadzidzidzi, chotsala ndiye cha tsiku la chikondwerero. Koma awa ndi maganizo anga, ndipo nyumba zanu sindinazione. Afunseni eni ake. Osawafunsa pamsonkhano pamene a matironi ndi abusa akhala kutsogolo, chifukwa adzangoti chilichonse tilandira. Apatseni timapepala, aliyense alembe zinthu zitatu popanda dzina, aponye m'katoni, ndipo awiri osankhidwa ndi anamwino okha akhale nanu powerenga ndi pogula. Ndalama ikatha, matani pakhoma pepala losonyeza momwe yayendera.

Awiri amene atsanzikawo musawasungire chakukhosi. Ena amachoka chifukwa banja lili ku Lilongwe kapena ana afika pofuna sukulu ina, ndipo palibe mphatso ingawagwire. Koma asanapite khalani nawo mmodzimmodzi, muwafunse chimene chikanawasunga chaka china chimodzi. Munthu amene wanyamula kale katundu amalankhula zimene otsala akuopa kunena. Apatseni kalata yabwino ya umboni, muwaperekeze mwaulemu. Anamwino timadziwana dziko lonse lino, ndipo mtsikana womaliza ku koleji ya unamwino ya ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni asanavomere kubwera kwanu adzayamba wafunsa amene anachokako.

Nsalu gulani ndithu ngati ndalama yatsala, koma asankhe okha, ndipo muwonjezere ya telala, chifukwa nsalu yosasoka imangogona m'sutikesi. Pokonza mwambowo kumbukirani kuti chipatala sichitseka pa 12 Meyi. Pamene ena akuvina pabwalo, wina ali ku leba ndi mayi amene watsala pang'ono kuchira, wina ali mtulo kunyumba chifukwa alowa naiti. Pezani anamwino awiri a lokamu ochokera kwina agwirizire mawodi kwa maola atatu amenewo, muwalipire tsiku lomwelo. Mbale za a naiti zipakulidwe poyamba, zivundikiridwe, zilembedwe mayina. Ndipo inu bambo, ndi mnzanu mmodzi wa m'komiti, muzitengere nokha ku wodi cha m'ma 9 koloko usiku, mukhale nawo pa benchi mpaka adye.